Mtembo m'Dziwe la ku Campsie

Mtembo wa Japhet anauvuula Loweruka dzuwa likulowa, koma Atupele anafika pamalopo m'mawa mwake, chipale chitaleka kugwa. Mapiri a Campsie, omwe masiku onse amangooneka chapatali kumpoto kwa Glasgow, anali atayera mbee. Kamtsinje kotsika m'khwawamo kankangomveka kulira pansi pa ayezi, osaoneka.

Patsogolo pankayenda Sajenti Kerr, mayi wachizungu wamtali, wa imvi, wosakonda kutaya mawu. Atupele anali wapolisi wamba, wozolowera kulondera misewu ya ku Govanhill. Kuno anamutengera chifukwa chimodzi: womwalirayo anali Mmalawi, mboni zonse zitatu Amalawi, ndipo pasiteshoni panalibe wina wodziwa Chichewa. Iye anabwera ku Scotland ali kamtsikana, koma mayi ake sanalole kuti chilankhulo chife m'nyumba.

Anatsata mtsinjewo, mapazi akumira m'chipale, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi. Anaima pamwamba pa mathithi aang'ono. Pansi pake panali dziwe lakuda bii, m'mphepete mwake mutaundana.

"Anabwera anayi pagalimoto imodzi, onse a mpingo umodzi," Kerr anafotokoza m'Chingelezi. "Wamkulu wawo anatsala kumunsi, poimika magalimoto. Atatu anakwera. Atafika pano Japhet anati akubwerera, awiri aja, Elias ndi Olivia, anapitirira. Potsika anapeza kuti kugalimoto sanafike. Anamupeza m'dziwemo, mutu utang'ambika kumbuyo. Anaterereka, basi. Mapazi onse chipale chinakwirira. Iwe kacheze ndi anthu akwanuwo m'chilankhulo chawo, nkhani tiitseke."

Anamupatsa foni kuti aone zithunzi zimene opulumutsa anthu anajambula dzulo lake. Atupele anaima pa chimodzi. Pamwala waphanthiphanthi, pomwe iwo anaimapo tsopano, panali ndodo yoyendera itagonekedwa bwinobwino, pamwamba pake magolovesi awiri opindidwa.

"Munthu woterereka amayamba wavula magolovesi n'kuwapinda?" anafunsa.

"Mwina amafuna kujambula mathithi."

"Foni yake munaipeza pati?"

Kerr anayang'ananso chithunzicho. "M'thumba la jekete. Zipi yotseka."

Onse awiri anayang'ana m'dziwe muja.

"Wamkulu amene anatsala pagalimoto ndi ndani?"

"Rodgers. Akuti ndi mkulu wa mpingo."

Atupele anamubwezera foni ija. "Ndimawadziwa. Ndi amene anatilandira ine ndi mayi anga titangofika m'dziko lino. Ndimawatcha amalume."

"Ndiye akuuza zonse momasuka," anatero Kerr, n'kuyamba kutsika.

* * *

A Rodgers ankakhala ku Easterhouse, m'nyumba yomweyo imene Atupele ndi mayi ake anagonamo pabalaza chaka chawo choyamba. Anali dalaivala wa mabasi wopuma pantchito, munthu amene Mmalawi aliyense wobwera ku Glasgow amapatsidwa nambala yake asanakwere ndege. Ukwati, ubatizo, maliro, zonse zinkadzera m'manja mwawo.

Atatsegula chitseko, Atupele anavula magolovesi n'kupereka moni ndi manja awiri, bondo litapinda pang'ono. Anachita zimenezi osaganiza. Dzanja lake lili m'dzanja la mkuluyo, mwala uja unamubwerera m'maso. Mwana woleredwa ku Malawi sapereka moni kwa wamkulu atavala magolovesi. Anayesa kuwakankhira kutali maganizowo.

"Lowa, mwanawe, lowa," a Rodgers anatero ndi mawu awo otsika, odekha, a munthu wozolowera kutsogolera pemphero. "Tsoka latigwera. Mwana wa eni kubwera kudzaphunzira, n'kudzatsikira kulichete m'madzi a dziko la eni. Mulungu yekha ndiye akudziwa."

"Ndabwera pantchito, amalume. Mundiuze mmene zinayendera."

"Palibe zambiri. Ine bondo langali ndi phiri sizimvana. Ndinawauza anawo kuti pitani, mundipeza pompano. Ndinasiya injini ikulira, hita n'kuyatsa, nyimbo za Mulungu n'kuika. Kufunda kwake mpaka ndinaodzera. Ndinadzidzimuka ndi Olivia akugogoda pawindo."

"Nthawi yonseyo hita inali yoyaka?"

"Yonse. Ukalamba uno kuzizira sindikupirira."

"Simunatulukemo?"

"Kamodzi kokha, kukataya madzi kuseri kwa galimoto." Anamwetulira mofooka. "Mwana amene ndinkamuperekeza kusukulu lero akundifunsa zimenezo. Dziko limazungulira."

"Japhet mumamudziwa bwanji?"

"Ngati ana ena onse a kuyunivesite. Anayamba kupemphera nafe miyezi yapitayi. Waulemu, wofatsa. Ngakhale kwawo sindinamufunse n'komwe."

Atupele anagwedeza mutu, n'kutsanzika. Ali pamasitepe anaima. Chikhalire sanaonepo a Rodgers akupatsa mlendo mpando asanamufunse kuti kwanu n'kuti, mudzi wanji, ndinu mwana wa yani. Ndiwo unali moni wawo. Kwa Japhet yekha funsolo linawasowa bwanji?

* * *

Elias, mnzake wa Japhet wogona naye fulati imodzi ku Hillhead, anali asanagone. Maso anali psuu, ndipo mawu ankatuluka mothamangitsana.

"Asisi, ndikuuzeni chilungamo, ine ulendo umenewu sindimaufuna. Ine ndi chipale ayi, sitigwirizana. Gulu lonse la achinyamata linakana chifukwa cha nyengo, koma Japhet kukakamira, akuti tipitabe, akuti ndikufuna ndione mtsinje utaundana. Ndiye Olivia ali ndi galimoto yake, eti, tikanatha kukwera imeneyo. Japhet ayi. Akuti atitenge a Rodgers. Anachita kukawapempha yekha."

"Apolisi akuganiza kuti anaterereka."

"Japhet?" Elias anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Asisi, munthu ujatu wakulira m'tsinde mwa phiri la Mulanje. Ali kusekondale ankanyamulira alendo zikwama mpaka pamwamba, kuphazi atavala patapata. Dzulo anamanga zitsulo za minga kunsi kwa nsapato. Ine ndinagwa kangapo, matako akupwetekabe mpaka pano. Iye olo kupepesuka."

"Nanga anabwereranji panjira?"

"Akuti mapazi azizidwa. Bodza limenelo. Tili pamathithi paja iye maso anali kumunsi, kunjira imene tinadzera, ngati munthu wodikira mnzake. Ine ndinangoti mwina watopa nafe. Ndikanadziwa sindikanamusiya."

"Masiku apitawa panali chimene chimamuvuta?"

Elias anapukuta nkhope ndi chikhatho. "Anasintha chiyambireni kupita kutchalitchi kuja. Kudya pang'ono, mabuku osawagwira. Tsiku lina ndinamupeza m'khitchini akulankhula pafoni ndi mlongo wake wa ku Mulanje. Atandiona anadula. Koma mawu awiri ndinawagwira. Anati, 'Ndampeza Eneya.'"

"Eneya ndi ndani?"

"Ndinamufunsa. Anangoti ndi munthu wakufa."

Atupele analibwereza dzinalo mumtima. Mumpingo munalibe Eneya, ndipo pakati pa Amalawi a ku Glasgow sankadziwa aliyense wa dzinalo. Komabe silinali lachilendo m'makutu mwake. Analimvapo kalekale, likunong'onedwa kuseri kwa chitseko, ndipo mawu onong'onawo anali a mayi ake.

* * *

Olivia anali namwino, mayi wa ana awiri, wokhala pamwamba pa kagolosale ku Govanhill. Atupele anamupeza akumanga zingwe za nsapato, akukonzekera kupita kuntchito.

"Ndanena kale kwa azungu anzanu," anatero osadzutsa mutu.

"Nenaninso kwa ine, amayi. Munatsikira njira iti?"

"Yapamwamba. Ya kumtsinje inali yoterera."

"Ndiye pamathithi simunadzerenso?"

"Ndati yapamwamba."

"Mutafika pagalimoto?"

"Zala sindimazimva. Mphuno sindimaimva. Njira yonse ndimangoganiza za hita."

"Munaipeza ikuyaka?"

Apa Olivia anadzutsa mutu. "Hita yake iti? M'galimoto muja munali ngati kumochale. Injini yozima. Galasi lakutsogolo litakwiririka, chipale chokhuthala chonchi." Anatambasula zala ziwiri. "Ndinapala ndine, ndi mkono wa jekete."

"A Rodgers anali kuti?"

"Pampando wawo."

"Akugona?"

"Akupuma mwa befu. Thukuta pachipumi, kuzizira konse kuja. Thalauzi lonyowa mpaka m'mawondo. Ndinafuna kuwagwira pamkono ndimve mtima. Anakana."

"Zimenezi munawauza apolisi dzulo?"

"Sanafunse."

"Koma inu munaona kuti sizikugwirizana."

Olivia anaimirira n'kutenga chikwama. Pakhomo anatembenuka, nkhope itauma. "Bambo wa ana angawa atamwalira, ndani anathamanga mpaka mtembo unakafika ku Ntcheu? Ndani ankabwera kuno kudzawatenga anawa ine ndili kuntchito? Ine ndanena zimene ndinaona. Zimene mukuganizazo ndi zanu. Musandiike m'kamwa."

Kunja mphepo inkadula makutu. Atupele anaima m'mbali mwa msewu, akuyang'ana magalimoto oimikidwa, onse atafunda chipale, kupatula imodzi imene mwini wake anali atailiza. Pagalasi la imeneyo madzi ankangoyenderera. Galimoto yofunda m'kati sisunga chipale pagalasi. Ya a Rodgers inakhala yozima nthawi yaitali, ndipo mwini wake sanali m'menemo.

Foni inalira. Anali Kerr.

"Dokotala wapima mtembo. Padzanja lamanja pali mikwingwirima, ngati wina analigwira mwamphamvu n'kulipotoza. Pachifuwa palinso china, ngati chomukankha. Nkhani ija sititseka. Kumeneko wapeza chiyani?"

Atupele anayang'ananso galimoto ija.

"Mundipatseko kanthawi, Sajenti. Kwatsala mboni imodzi."

* * *

Mayi a Atupele, a Tereza, ankakhala misewu ingapo kuchokera pamenepo. Anawapeza akusita bulauzi yoyera ya Mvano, yokavala ku mapemphero a maliro amene mpingo unakonza mawa lake.

"Wadya?" anafunsa osayang'ana.

"Amayi, Eneya ndi ndani?"

Simbi inaima pamalo amodzi. Inakhala pomwepo mpaka fungo la nsalu yopserera linadzaza m'chipinda. Atupele anaichotsa yekha n'kuiimika. Pabulauzi panatsala chipsera chofiirira.

"Dzina limenelo wakuuza ndani?"

"Japhet analitchula asanafe. Inunso munalitchulapo, ku Easterhouse, m'khitchini, ine ndili pamatiresi pabalaza. Munkaganiza kuti ndagona."

A Tereza anakhala pansi pang'onopang'ono, manja ali pamaondo. Analankhula akuyang'ana khoma.

"Anali awiri m'nyumba mwawo, Rodgers ndi mng'ono wake Eneya. Ofanana nkhope ngati mapasa. Tinakulira mudzi umodzi ku Mulanje. Rodgers anali wa sukulu, wa Mulungu, ulendo wake wobwera kuno unali utakonzeka kale, pasipoti ili m'manja. Kenaka chifuwa chinamugwira. Eneya ankayendetsa lole ya kumunda wa tiyi, ndipo ankamwa. Tsiku lina ataledzera anawomba amayi ochokera kuchigayo. Atatu anafera pomwepo. Iye anathawira kuphiri."

"Ndiyeno?"

"Apolisi akumusaka, Rodgers anamwalira. Abale anagwirizana. Anaika Rodgers m'manda, pamtanda n'kulembapo Eneya. Mlandu unafera pamenepo. Amene anakwera ndege ndi uyu ukumudziwayu."

Atupele anagwira m'mphepete mwa tebulo. Munthu wakufa, monga ananenera Japhet.

"Japhet zikumukhudza bwanji?"

"Mmodzi mwa amayi anafa aja anali ndi kamnyamata kake, kakuyenda pambuyo pake. Lole inakaphonya. Kanaona zonse, kanaonanso dalaivala akutsika n'kuthawa." A Tereza anapumira m'mwamba. "Mwezi watha, titaweruka kutchalitchi, mnyamata uja anandifunsa kwathu. Nditatchula mudzi, anatembenuka n'kuwayang'ana a Rodgers akutsanzikana ndi anthu pakhomo. Anawayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anati, 'Amayi, inunso mukuona chimene ndikuonachi?' Ine ndinati ndachedwa basi."

"Zaka zonsezi mumadziwa."

"Ndinali ndi mwana wofuna pogona, m'dziko lozizira, ndilibe wachibale. Iye anandizindikira, ine ndinamuzindikira. Anatitsegulira chitseko, ine ndinatseka pakamwa. Mowa anausiya. Wathandiza anthu ambiri kuno, iwenso ndiwe mmodzi. Ndinkati mwina munthu amasinthadi."

"Amayi, dzulo sanali m'galimoto. Anakwera kumtsinje. Japhet anavula magolovesi kuti awapatse moni, iwo n'kumugwira dzanja lomwelo."

A Tereza anatseka maso. Misozi sinatuluke. Patapita kanthawi anatenga bulauzi yopserera ija n'kuipinda bwinobwino.

"Zakale zija ndinazisenza," anatero. "Izi sindisenza. Pita ukawauze akuluakulu ako. Akafuna kundifunsa, abwere. Ndilipo."

* * *

Mawa lake masana, Kerr anaimika galimoto ya polisi kutsogolo kwa holo ya tchalitchi. Anali atamva zonse, ndipo apolisi ena anali kale ku Easterhouse kukatenga thalauzi ndi nsapato za mkuluyo.

"Sukuyenera kulowa ndiwe," anatero. "Ndi wachibale wako, ngakhale si wamagazi."

"Ndilowe ndine. Inu muime pakhomo."

M'holomo munali a Rodgers okha, atavala suti yakuda, akundandalika mipando ya mapemphero. Kutsogolo, patebulo, panali chithunzi cha Japhet ndi kandulo yosayatsa. Ankayenda uku ndi uku atanyamula mipando iwiriiwiri, bondo osatsimphina.

Atupele anaima kumbuyo kwawo.

"A Eneya."

Mkuluyo anatembenuka msanga, mmene munthu amachitira akamva dzina limene mayi ake anamupatsa. Atazindikira chimene wachita, mapewa anagwa. Anatsitsa mipando ija pansi mosapanga phokoso.

"Mayi ako akudziwa kuti uli kuno?"

"Ndiwo andiuza."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kukhala pampando umodzi. Mawu a pemphero aja anali atatha. Amene analankhula tsopano anali munthu wina, wa mawu okhakhala, amene Atupele anali asanamumvepo.

"Ndinamupempha kuti tikambirane awiri, kopanda anthu. Iye ndiye anasankha phiri. Ndinati mwanawe, nena chimene ukufuna, chilichonse. Sukulu yako, ya mlongo wako, nyumba kumudzi. Anakana zonse. Anati apolisi sakuwafuna, kubwezera sakukufuna. Chimodzi chokha. Ndiime pamaso pa mpingo Lamulungu, nditchule dzina langa, nditchulenso dzina la mayi ake." Anayang'ana manja awo. "Chinthu chaching'ono. Ndikanatha. Koma ndinaona nkhope zawo, onse amene amanditcha bambo. Dzanja lake linali m'dzanja langa. Dziwe linali pompo."

"Musapitirize, amalume. Zotsalazo mukanene kusiteshoni, loya wanu alipo."

"Ukunditchabe amalume."

Kunja kunamveka zitseko za magalimoto ndi mawu a anthu. Amayi a Mvano anali atayamba kufika, ndipo wina anayambitsa nyimbo ya maliro chapansipansi, ena n'kuilandira. Pawindo ankaoneka ataima m'chipale, mabulauzi oyera pansi pa majekete akuda, akudabwa galimoto ya polisi. Elias anali pomwepo, Olivia ndi ana ake chapambali. A Tereza anaima kumbuyo kwa onse, atavala diresi wamba.

Mkuluyo anaimirira. Anayang'ana khomo lalikulu, pomwe Kerr anaima, kenaka kachitseko ka kukhitchini kotulukira kuseri.

"Mwanawe," ananong'ona, "titulukire chakumbuyoku. Anthu afika. Chonde, chokhachi."

Atupele anakayang'ana kachitsekoko. Kanali pafupi, kosakhoma, ndipo Kerr sakanakana kuzungulira ndi galimoto. Munthu ameneyu anamugulira jekete yake yoyamba, anamuphunzitsa kukwera basi yekha, analira tsiku limene anavala yunifolomu. Maso ake anachoka pachitseko n'kugwera pachithunzi chili patebulo.

Anawagwira pamkono, mofatsa.

"Galimoto ili kutsogolo, amalume."

Kerr anatsegula zitseko zonse ziwiri. Mphepo yozizira inalowa, ndipo nyimbo ija inayamba kuduka, mawu amodzi pambuyo pa ena, mpaka panatsala mayi mmodzi wachikulire, wosaona bwino, akuimbabe yekha.